Maluwa a Dalitso ndi Tchire la Ambuya

Ndi pamudzi wina kummwera kwa boma la Katete, chapafupi ndi msewu wopita ku Chanida. Mwezi ndi wa Epulo, mvula ikutsazika. Kuseri kwa nyumba ya Ambuya Nabanda kuli malo amene kale panali khola la ng'ombe, koma tsopano udzu wake ngwobisa munthu wamkulu. Mdzukulu wawo Dalitso, amene anaphunzira ku Chassa ku Sinda n'kukamalizira ku yunivesite ku Lusaka, wabwera kudzadya Isitala. Ambuya ali pamphasa, akuthothola nsawa.

AMBUYA: Inu amuna anga, chingwe chachikasucho mukuyeza nacho chiyani kuseri kwa nyumba yanga? Ngati ndi manda, ndinanena kale kuti ine mukandigoneke kumsitu, pafupi ndi amayi anga.

DALITSO: Si manda, Ambuya. Ndikuyeza malowa. Mamita 50 uku, 20 uku. Tchire lonseli ndikufuna ndilichotse, pakhale munda wa maluwa.

AMBUYA: Maluwa a chiyani? A maungu? A nyemba?

DALITSO: Maluwa basi. Ofiira, oyera, achikasu. Munthu akamadutsa pamsewupo aziima n'kumafunsa kuti kodi pakhomo apa ndi pa yani.

AMBUYA: Akudziwa kale kuti ndi pa Nabanda. Ndinakhala pano Kaunda asanalowe m'boma. Chabwino, waima, wayang'ana. Kenako?

DALITSO: Kenako mtima wake ukondwa.

AMBUYA: Nanga mimba?

DALITSO: Si zonse za mimba, Ambuya. Ku Chilanga, ukangotuluka mu Lusaka, kuli malo otchedwa Munda Wanga. Mzungu wina, Ralph Sander, ndiye anayamba kudzalako mitengo ndi maluwa m'zaka za m'ma 1950. Mpaka lero anthu amalipira pageti kuti akalowe.

AMBUYA: Akalowa amathyola?

DALITSO: Ayi, ukathyola akugwira.

AMBUYA: Alipire, ayang'ane, atuluke manja lendelende. Ku Lusaka ndalama zikuwayabwa eti?

DALITSO: Ndipo pali mafamu ozungulira Lusaka amene amalima marozi m'nyumba za pulasitiki. Amawadula m'mawa, amawaika mozizira, amawakweza ndege kupita ku Netherlands kukagulitsa pamsika waukulu wa ku Aalsmeer. Pofika pa 14 Febuluwale, anyamata a ku Ulaya amagulira atsikana awo.

AMBUYA: Duwa likwere ndege, ine wakubala amako sindinaikwerepo. Ndiye mtsikanayo akalandira amatani nalo?

DALITSO: Amaliika m'botolo la madzi.

AMBUYA: N'kumera?

DALITSO: Limafota pakatha sabata.

AMBUYA: Ndiye mnyamatayo wanena zoona za chikondi chake. Malemu agogo ako aamuna anandipatsapo maluwa kamodzi, tili pachitomero. Anabwera nacho chiluwe chodzaza chipewa, chathyoledwa mame asanaume. Ndinachitendera nsinjiro, ndinaponyamo tomato mmodzi, tinadyera nsima. Ukwati unakhala zaka 51. Tsopano tandiuza, tchire ukulinenalo lili kuti?

DALITSO: Si ili? Zaka zingati palibe amene wagwirapo khasu pano? Ndi malo ongotayika.

AMBUYA: Ongotayika! Dzulo usiku unadyera chiyani nsima, mpaka kunyambita zala?

DALITSO: Bonongwe.

AMBUYA: Unkaganiza ndinamugula ku Shoprite ku Chipata? Wamera apo, pamene zinkagona ng'ombe za malume ako. Bonongwe amakonda pakhola lakale, sindimudzala, sindimuthirira, amangobwera yekha chaka ndi chaka. Uko kumunsi kuli chisoso, ndafutsa kale mitanga iwiri, mu Okutobala ndiwo zikasowa tizidzadya mfutso. Kumthunzi kwa mango kuli denje. Luni ali cha kudzala uko. Nsatsi izo ndimayenga mafuta odzola ana akatupa. Tsekera uyo ndi denga la khitchini. Ndipo mu Julaye ana a mlongo wako amakumbamo mbewa, zonenepa, chifukwa zimadya nsawa zanga. Iwe wabwera ndi chingwe chako, ukuti malo ongotayika.

DALITSO: Koma sizikuoneka bwino, Ambuya. Zangomera mwachisawawa.

AMBUYA: Inenso sindikuoneka bwino. Undizule?

DALITSO: Dikirani muone. Ngakhale m'tchire mwanu momwemu muli maluwa okongola, inu simuwaona chifukwa munawazolowera. Taonani timene ndatola uku, tofiira tokongola, tating'onoting'ono. Timeneti ndidzatidzala m'mbali mwa njira yonse.

AMBUYA: Mayo ine! Taya! Ayi, usataye pansi, bwera nato kuno ndiponye pamoto. Gwira bwino, usagwedeze!

DALITSO: Kodi n'chiyani?

AMBUYA: Zaka zonse zija amako ankagulitsa thonje kuti uphunzire, lero ukundibweretsera kaufiti pakhomo ngati mphatso?

DALITSO: Kaufiti ndi ameneyu? Tinaphunzira ife, Striga. Ndinkangomuona pachithunzi. Mizu yake imaluma pamizu ya chimanga n'kumayamwa madzi ndi chakudya, chimanga n'kupinimbira iye asanatulukire n'komwe pamtunda. Chitsamba chimodzi chimabala njere masauzande ambirimbiri, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 kudikira chimanga.

AMBUYA: Dzina lake lachizungu ukulidziwa, ntchito yake ukuidziwa, nkhope yake yokha ndiyo sunkaidziwa. Ukanadzala m'mbali mwa njira, anyakwawa akanaitana bwalo. China chimene watola n'chiyani?

DALITSO: Palibe. Koma uko kumtengo wouma kuli chomera choyanga, chili ndi zikhokhombe zaubweya wagolide, zonyezimira padzuwa. Ndangozisisita pang'ono.

AMBUYA: Ndi dzanja liti?

DALITSO: Ili. Chifukwa chiyani?

AMBUYA: Palibe. Pitiriza nkhani yako, chitedze chimayamba chadikira pang'ono. Ndiye ndalama za munda wakowo zili kuti?

DALITSO: Ndasunga K3,000. Ndalemba bajeti yonse mufoni. Choyamba, thirakitala idzagalauze malo onse. Chachiwiri, mankhwala opha udzu. Chachitatu, mbande za marozi 100 kuchokera ku Lusaka.

AMBUYA: Thirakitala ilowera pati? Igwetse nkhokwe kapena chimbudzi? Ndipo zitsa zili m'menemo uzipepesa bwanji kwa mwini khasu la thirakitala?

DALITSO: Chabwino, thirakitala ichoke. Pali njira ina yotchipa, ndinaiona pa YouTube. Sulima n'komwe. Umangotchetcha udzu, n'kuyala makatoni pamwamba, n'kuthirapo manyowa. Udzu umafa wokha chifukwa chosowa dzuwa.

AMBUYA: Amene anakuonetsa zimenezo amakhala kuti?

DALITSO: Ku England.

AMBUYA: Kwawoko chiswe chiliko?

DALITSO: Chiswe... ndikuganiza kuti kulibe.

AMBUYA: Kuno chiliko, ndipo chili ndi abale. Katoni ukaiyala Lolemba, Lachisanu upeza dothi lokhalokha looneka ngati katoni. Imene chiswe chaisiya, mbuzi ya a Tembo imaliza. Mbuzi imeneyo inadya khadi langa la kuchipatala ku St Francis, ndi chithunzi chomwe.

DALITSO: Aa, koma dzanjali... Ambuya, dzanjali likutentha!

AMBUYA: Lafika. Usakande, ukangokanda ubweyawo ulowa mkati. Tenga dothi louma ilo upukute pang'onopang'ono. Usagwire kumaso. Usagwirenso kwina kulikonse kumene ungadzafune ukakwatira.

DALITSO: Bwanji simunandiuze nthawi yomweyo?

AMBUYA: Ndikanakuuza ukanati yang'anani pafoni. Tsopano wachidziwa chitedze ndipo sudzachiiwala. Khala apa, tiwerenge za marozi akowo. Amamwa madzi?

DALITSO: Amamwa ndithu. Tsiku ndi tsiku, makamaka kukatentha.

AMBUYA: Ochuluka bwanji? Iwe ndiye wa masamu.

DALITSO: Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, malo a mita imodzi uku ndi uku amafuna malita ngati 5 patsiku. Malo athuwa, 50 kuchulukitsa ndi 20, ndi 1,000. Ndiye kuti malita 5,000.

AMBUYA: Ine malita sindiwadziwa. Nena zigubu.

DALITSO: Chigubu ndi malita 20. Ndiye kuti zigubu... 250.

AMBUYA: Pamwezi?

DALITSO: Patsiku.

AMBUYA: Zigubu 250. Mjigo wathu uli kuseri kwa sukulu, umamwetsa midzi itatu, ndipo mu Okutobala amayi amakaima pamzere tambala woyamba asanalire. Iwe udzafike ndi zigubu zako, uwauze kuti pepani amayi, ana anu adikire, marozi anga ali ndi ludzu. Ndidzabwere ndi mpando ndidzaonerere. Waiwala chaka cha 2024? Mvula inadula chimanga chili m'chiuno, a Hichilema mpaka analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pangozi ya chilala. Inu ku Lusaka munkalira magetsi chifukwa madzi anachepa ku Kariba, ife kuno tinkafukula mchenga kumtsinje.

DALITSO: Ndingathe kugula pampu ya dzuwa.

AMBUYA: Ndi K3,000 yomweyo? Imabereka usiku?

DALITSO: Ndiye mukuti ndingosiya?

AMBUYA: Ndanena liti? Ndakufunsa za madzi basi. Funso lina: chimanga chikalowa m'nkhokwe mu Juni, ziweto za mudzi uno zimapita kuti?

DALITSO: Amazimasula, zimangoyenda.

AMBUYA: Ng'ombe, mbuzi, nkhumba, zonse zimakhala pa holide mpaka mvula. Mudzi wonse wauma, kobiriwira ndi kumodzi kokha, kuseri kwa Nabanda. Ukuganiza kuti zidzaima pamsewu n'kumafunsa kuti pakhomo apa ndi pa yani? Pabajeti pakopo mpanda uli nambala chani?

DALITSO: Sindinaulembe.

AMBUYA: Ulembe pamwamba penipeni, pamene panali thirakitala. Ndipo usati waya, waya amaliza ndalama zako zonse mbali imodzi isanathe. Tsekera amene umafuna kumupopera mankhwalayo ndiye mpanda wako. Timudikire aume, mu Meyi kapena Juni timwete, timange mitolo. Mitengo ya mpanda tikadule ya gilisidiya kwa a Mbewe. Aja ofufuza za ulimi a ku Msekera ku Chipata ndiwo anayamba kuyesa mitengo imeneyo m'minda ya anthu, kenako a bungwe la COMACO anaifalitsa. Ukazika nthambi yake imaphuka, masamba ake ndi manyowa, ndipo m'chilimwe imachita maluwa otuwira kufiira, njuchi n'kumadzazana. Kunja kwa mpandawo tidzazike nkhadze. Ikakula, ngakhale nkhumba imabwerera. Koma pozika utseke maso ndi magalasi ako a mbala aja, utomoni wake ukalowa m'diso udzaona kuti chitedze chinali kukupatsa moni chabe.

DALITSO: Ndimaganiza zodzala lantana ngati mpanda. Amakula msanga, ndipo duwa limodzi limakhala ndi mitundu itatu.

AMBUYA: Uja wonunkha, wa tizipatso takuda? Ng'ombe ikadya masamba ake imadwala chiwindi, khungu n'kusupuka. Mbalame zimamwaza njere zake dambo lonse. Iwe uli ndi diso, mdzukulu wanga: chilichonse chopha, umachiona kukongola. Mkazi usadzasankhe wekha.

DALITSO: Nanga kutchetcha? Malo onsewa ndi chikwakwa chimodzi, ine ndibwerera kuntchito Lachiwiri.

AMBUYA: Ukudziwa dima?

DALITSO: Ndinamvapo.

AMBUYA: Wamvapo. Umagula chimera ndi shuga, ine ndiphika thobwa migolo iwiri, tipha tambala uja wolira usiku, tiitana anyamata a mudzi uno. Dzuwa lisanafike pamutu malo ayera. Koma tisanawaitane, timangirire mbuzi zanga mmenemo masabata awiri, zidye zimene zingathe, njoka nazo zione kuti kwabwera anthu. Pali mphiri imakhala pachitsa icho, sithawa, imangodikira phazi. Kumunsi kuli dawe, ameneyo khasu silimutha, ukadula pamwamba timizu take timatsala pansi. Tibwereke nkhumba ya a Tembo, ifukule, idye. Ibweze ngongole ya khadi langa.

DALITSO: Khadi inadya ndi mbuzi.

AMBUYA: Mwini ndi mmodzi.

DALITSO: Kenako tiotche zinyalala zonse.

AMBUYA: Chitedze chokha ndi kaufiti. Zotsalazo tiunjike pansi pa mango, tiponyemo ndowe ndi phulusa la kukhitchini ndi masamba a deliya uja wamaluwa achikasu wadzaza m'mbali mwa msewu. Pofika Novembala zaola. Ndipo malo onse sitigalauza. Tikumba maenje a gamphani, monga anatiphunzitsira alangizi a ulimi wosunga nthaka: dzenje apa, dzenje apo, manyowa m'dzenje momwemo, madzi a mvula azikhazikika pamene pali mbewu. Kunja kwa mpanda tilambule mikono itatu kuzungulira, chifukwa mu Ogasiti anyamata a mbewa amayatsa tchire ndipo moto sufunsa kuti maluwa ndi a yani.

DALITSO: Ambuya, mwayamba kunena kuti "ti". Poyamba paja mumati maluwa sadyedwa.

AMBUYA: Sadyedwa. Ndikungokuthandiza kuti usandichititse manyazi. Tsopano marozi ako 100 achotse. Udzale atatu, pafupi ndi bafa, azimwa madzi osamba. Akafa udzalire atatu okha.

DALITSO: Nanga malo otsalawo?

AMBUYA: Nthawi ya mvula kuli maluwa amene safuna munthu. Aja ali pabwalo la sukulu, ndi aja a kutsogolo kwa tchalitchi.

DALITSO: Zinnia, cosmos ndi marigold.

AMBUYA: Kaya mayina awo. Pano mu Epulo ndi Meyi mitu yawo ikuuma. Upite ukapereke moni kwa ahedi, uwafunse za ana, uyamikire mbendera, kenako upemphe kubudula mitu youmayo. Uifikise m'manja, uuluze, njere uike mu envelopu ndi phulusa pang'ono kuti zisafumbwe. Mvula yeniyeni ikagwa, osati ija yonamiza ya chizimalupsa, umwaze. Chaka chotsatira sudzadzalanso, adzamera okha mpaka udzatopa nawo. Aja onunkha achikasu udzaike ena kudimba kwanga, tomato akakhala nawo pafupi mizu yake situpa.

DALITSO: Zimenezo n'zoona, marigold amachepetsa timinyongolotsi ta m'mizu. Mukudziwa, atatu onsewo kwawo ndi ku Mexico. Chimanga chomwe chinachokera komweko.

AMBUYA: Chimanga chiti?

DALITSO: Chimanga chonse. Chinabwera ndi zombo za Apwitikizi zaka mazana angapo zapitazo. Makolo akalekale ankadya mapira ndi mawere.

AMBUYA: Mapira ndi mawere ndikuvomera, agogo anga ankanena. Koma chimanga cha makolo chili m'nkhokwe umo, choyera, cholimba, chosafumbwa, undiuze kuti ndi cha mlendo? Ndiye aku Mexico ako abwere adzatenge, adzandipeza ndili pakhomo pa nkhokwe ndi munsi.

DALITSO: Chabwino, ndi chanu. Koma maluwa onsewo ndi a dzinja. Ine ndimafuna munda uzikhala wowala mu Ogasiti, nthawi ya Kulamba. Loweruka lomaliza la mweziwo ku Mkaika kumadzaza Achewa a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Malo ogona alendo onse ku Katete amadzaza, magalimoto a ku Tete amadutsa pamsewu wathu womwewu. Amenewo angagule.

AMBUYA: Munthu wachoka ku Tete kudzaona Gule Wamkulu, agule duwa akalipatse chilombo? Koma la Ogasiti liripo. Uja waminga, woyanga, wofiirira.

DALITSO: Bougainvillea.

AMBUYA: Boganivila, eya. Ameneyo mvula ikachuluka amangochita masamba. Dzuwa likamuwotcha, fumbi likamuthira, ndi pamene amayaka. Ukamuthirira kwambiri amachita ulesi. Chaka choyamba chokha ndicho amafuna madzi, ndipo a m'beseni lotsukira mbale amukwana. Kumudzala kwake, umadula nthambi yokhwima, yonenepa ngati pensulo, kutalika kwake kuchoka pachala mpaka pamkono apa. Masamba a m'munsi uchotse. Utole mapaketi a Chibuku kuseri kwa shabini, uwatsuke, uboole pansi ndi msomali, uthiremo dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, chifukwa la pachulu lokha limagwirana. Uzike nthambiyo mfundo ziwiri zilowe pansi, mutu uyang'ane kumwamba monga inalili pamtengo, ukaitembenuza siphuka. Uike pamthunzi. Pa 10, zogwira zidzakhala mwina 5, ndiye udule zambiri. Ndipo usamazule tsiku ndi tsiku kuti uone ngati mizu yatuluka, ndikukudziwa iwe.

DALITSO: Ambuya, zonsezi munazidziwira kuti? Ola lapitali mumandifunsa ngati maluwa ndi a nyemba.

AMBUYA: Ukuganiza nkhata za pamaliro m'mudzi muno amaluka ndani? Ine ndili m'Chigwirizano cha amayi a mpingo amako asanabadwe. Maliro akagwa, amuna amapita kukakumba, ena kukakhoma bokosi, ife timatuma atsikana ayende makomo onse kumene kuli boganivila. Timakhala kuseri kwa siwa, timapinda kamtengo kofewa kakhale kozungulira, timamanga ndi luzi, kenako timalowetsa nthambi imodziimodzi, mitu yonse kuyang'ana mbali imodzi, ina kubisa tsinde la inzake. Minga yake imabaya, taona zala izi. Nkhata ya ana, ya adzukulu, ya akuchimuna, ya akuchikazi, ya mpingo, ya anyakwawa. Zikaperewera pamakhala mlandu, wina amati ife mwatiiwala, sitili abale kodi. Maliro a mwezi watha tinayenda mpaka mudzi wachitatu kufuna maluwa, tinapeza mbuzi zatitsogolera.

DALITSO: Ndiye kuti maluwa mumawafuna.

AMBUYA: Akufa ndiwo amawafuna. Masiku ano a m'tauni amabwera ndi a pulasitiki ochokera m'masitolo a kuboma, amawasiya pamanda, dzuwa limawayeretsa, mphepo imawamwaza kumsitu konse, ng'ombe n'kumatafuna. Ine usadzandiikire zimenezo. Ndidzakulotetsa.

DALITSO: Ndiye msika ulipo! Maliro, kuika miyala pamanda, maukwati, tchalitchi Lamlungu...

AMBUYA: Taima. Maliro a m'mudzi muno sugulitsa, ukagulitsa tsiku lako udzadzikumbira wekha. A m'tauni obwera kudzaika mwala, a magalimoto aja, amenewo uwatchaje, ndipo uwatchaje bwino, ndalama zimawayabwa paja. Aukwati alipire theka, theka linalo tidzadya mpunga. Kutchalitchi upereke ulere, uli ndi machimo a ku Lusaka ofunika kufafaniza.

DALITSO: Tingaikenso ming'oma ya njuchi. Uchi uli ndi msika, ndipo njuchi zimathandiza mpendadzuwa ndi maungu kubereka bwino.

AMBUYA: Mawu oyamba anzeru lero. Koma mng'oma ukhale kutali ndi bafa. Ndipo poti watchula mpendadzuwa, mzere wakumbuyo wonse ukhale wa iyeyo. Unaona minda yake pobwera, kuchokera ku Sinda mpaka kuno? Si duwa limenelo? Lalikulu, lachikasu, ndipo likatha kukongola timakayengetsa mafuta. Mzere wachiwiri lumanda, maluwa ake ngokongola ndipo masamba ake ndi nsinjiro ukuwadziwa. Wachitatu therere. Pampanda payange maungu ndi mphonda. Pamene pali bonongwe wanga pasafike khasu. Chisoso chisiyidwe ngodya yake, denje ngodya yake.

DALITSO: Ambuya, ndiye munda wa maluwa uja watsala pati? Mwaudzaza ndiwo!

AMBUYA: Chimene ndatchula chopanda duwa n'chiti?

DALITSO: Koma ine ndimafuna mizere yooneka bwino, mitundu yogwirizana, kanjira ka miyala pakati, ndi benchi.

AMBUYA: Kanjira uike, miyala yadzaza ku Mphangwe, ngolo ya malume ako ilipo. Benchi uikenso, ndizikhalapo poingitsa nkhuku. Kutsogolo kumene amaona a pamsewu ndi kwako. Kumbuyo kumene imaona mimba ndi kwanga. Ndipo usanazike kanthu upite kwa anyakwawa ndi nkhuku, malowa ndi a mbumba ya amayi anga, si a pepala. Uwauzenso malume ako, angadzamve kwa anthu kuti mwana wa mlongo wawo walanda khola.

DALITSO: Nthambi za boganivila tikazipeza kuti zambiri chotero?

AMBUYA: Wofiirira ali paliponse. Koma woyera ndi wachikasu ali ndi mng'ono wanga ku Vubwi, kwa Pembamoyo. Anabwera naye kuchokera kutsidya ku Malawi, ndipo amamusunga ngati ndalama. Ali ndi kana lile wofiiranso, uja umangogawa mizu yake. Ukadzabwera mu Okutobala udzakwere njinga yamoto kudzera ku Chadiza.

DALITSO: Ndi kutali, Ambuya. Ndipo Vubwi tsopano ndi boma palokha, analipatula ku Chadiza mu 2012, chaka chomwe Sinda anakhala boma. Mwina kuli nazale ya boma.

AMBUYA: Boma kaya, koma mng'ono wangayo sanasinthe. Usadzafike n'kuyamba ndi maluwa. Udzapite ndi shuga, sopo ndi chitenje. Udzagone masiku awiri. Adzakudandaulira za mwendo wake, umve. Adzanena kuti ine ndinamubera mphika mu 1978, uvomere. Adzakuonetsa mtsikana wina wa kutchalitchi kwawo, umwetulire koma usalonjeze. Tsiku lachitatu ukutsazika, uime pafupi ndi duwalo, unene kuti a Nabanda anati loterolo silingamere ku Katete. Adzakudulira mtolo wosanyamulika kuti andichititse manyazi.

DALITSO: Tiyeni tiwerengenso. Thirakitala yachoka, mankhwala achoka, marozi atsala atatu. Chimera, shuga, chingwe cha mbuzi, keni imodzi, nkhuku ya anyakwawa, ulendo wa ku Vubwi ndi chitenje chake. Ambuya, ndalama zikutsala! Mwina theka lonse.

AMBUYA: Zitenje ziwiri.

DALITSO: Chachiwiri cha yani?

AMBUYA: Mng'ono wanga avale chatsopano, ine mwini malo ndikhale ndi chakale? Ndipo Lachiwiri iwe ukakwera basi, mapaketi a Chibuku aja azithirira ndani? Kuingitsa nkhuku ndani? Kukangana ndi a Tembo ndani?

DALITSO: Inu, Ambuya.

AMBUYA: Ku Munda Wanga kuja othirira amagwira ulere?

DALITSO: Amalandira malipiro.

AMBUYA: Ndiye theka lotsalalo bwera nalo ndimange pansonga ya chitenje, lisasochere.

DALITSO: Ndilibe m'thumba. Zonse zili mufoni.

AMBUYA: Ndiye foniyo usiye kuno. Tenga lichero ilo undithandize nsawa. Ndi dzanja linalo, iwe! Ukufuna tonse tikande usiku?